Phunziro: Za Kuyesa Khansa ya m'Mapapo mwa Okalamba

Mwezi uno tiphunzira za nthenda yoopsa imene ikonda kugwira anthu okalamba, ndiyo khansa ya m'mapapo. Sitinena kwambiri za mankhwala ace, koma za nchito imene itsogola mankhwala asanaperekedwe, ndiyo kuyesa wodwala kufikira nthenda yace yadziwika bwino lomwe. Madokotala a maiko ambiri anapangana za njira ya kuyesa kumeneku, nailemba m'mabuku a malangizo, kuti dokotala ali yense aitsate. Koma kwaoneka kuti malangizowo adumphidwa kawiri kawiri, ndi kuti munthu akamakalamba mwai wace wa kuyesedwa mokwanira unka nucepa. Cifukwa cace tifuna kudziwa cimene malangizowo anena, ndi cimene cigwera nkhalamba pamene dokotala kapena acibale awanyalanyaza.

I. NTHENDA YACE

Thupi la munthu limangidwa ndi tinthu tamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene ophunzira atichula maselo. Maselo abadwa, agwira nchito yao, namafa, ndipo ena alowa m'malo mwao mwa dongosolo. Koma nthawi zina ena aleka kumvera dongosolo limenelo, nayamba kuswana kosaleka, naunjikana kukhala cotupa cimene cidya mnofu woyandikana naco, nicitumiza mbeu zace kwina. Imeneyi ndiyo khansa. M'phapo iyamba cete, pakuti m'kati mwa phapo munthu samva kuwawa. Potero ambiri azindikira nthenda itakula kale. Zizindikiro zace ndi izi: kutsokomola kosatha, makhololo osanganiza ndi magazi, kupuma mobanika, mau kusasa, kuonda popanda cifukwa, ndi kupweteka kwa cifuwa kapena phewa.

Bungwe lofufuza za khansa la ku Lyon, m'dziko la France, linawerenga kuti caka ca 2022 anthu pafupi 2.5 miliyoni anapezeka ndi nthendayi pa dziko lonse lapansi, ndipo pafupi 1.8 miliyoni anafa nayo. Panalibe khansa yina imene inapha anthu ocuruka cotere. Ku America pafupi theka la odwala apezeka nayo atapitirira zaka 70.

Gwero lace lalikuru ndilo fodya wosuta, wa ndudu, wa cingambwe, kapena wa m'kaliwo. Caka ca 1950 ophunzira awiri a ku London, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anaonetsa poyera kuti osuta ndiwo agwidwa koposa. Pfumbi la miyala ya m'migodi, ndi la asbestos, ndi utsi wa malasha m'nyumba, zithandizanso kuibala. Ndipo alipo ena amene aidwala osalawa konse fodya. Tikumbukire kuti amuna ambiri a kwathu kuno anatsikira m'migodi ya golidi ya ku Johannesburg masiku a Wenela, napuma pfumbi limenelo zaka zambiri. Otsala a iwo ndiwo nkhalamba za m'midzi mwathu lero.

II. MAFUNSO ANAI

Malangizo a ku America ndi a ku Britain omwe atsogoza mafunso anai, nati ayankhidwe amenewa mankhwala asanasankhidwe.

Funso loyamba: Kodi ndiyo khansa ndithu? Cithunzi ca X-ray cionetsa mthunzi wokha m'phapo, ndipo mthunzi sunena dzina la mwini wace. Ungakhale wa cifuwa cacikuru, kapena wa cibayo, kapena cipsera ca nthenda yakale. M'maiko athu ano dokotala ayamba kuganizira cifuwa cacikuru, ndipo acita bwino, pakuti ndico cofala. Ayesa makhololo ndi makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawabvomereza caka ca 2010. Koma makhololo akapanda kuonetsa kacirombo, ndipo munthu namwa mankhwala osapeza bwino, mlandu sunathe. Mankhwala a cifuwa cacikuru atenga miyezi 6, ndipo khansa siima kuyembekeza kuti miyeziyo ithe. Pamenepo pafunika cithunzi cakuya cochedwa CT, cimene cionetsa m'kati mwa cifuwa ngati acidula mapande mapande, pamodzi ndi ciwindi ndi pamwamba pa impso. Potsiriza pafunika kutenga kanyama kakang'ono pa malo odwalawo, kuti katswiri akaone ndi galasi lokuza zinthu. Pakuti kanyamako ndiko mboni yeniyeni.

Funso laciwiri: Ndiyo ya mtundu wanji? Ilipo mitundu iwiri yaikuru. Wina ndiwo wa maselo ang'ono, umene ugwira odwala pafupi 15 mwa 100. Uthamanga kufalikira, ndipo kawiri kawiri sacita nao opareshoni. Winawo ugwira pafupi 85 mwa 100, ndipo ukapezeka msanga mpeni ungaucotse. Ndiponso kuyambira caka ca 2004 kunadziwika kuti zotupa zina ziri ndi cilema cina m'maselo ao, cochedwa EGFR, ndi kuti zimenezo zimvera mapiritsi akumwa. Wosatengedwa kanyama sadziwa ngati mapiritsiwo anali ace.

Funso lacitatu: Yafika pati? Dokotala wina wa ku France, dzina lace Pierre Denoix, anakonza muyeso wace pakati pa zaka 1943 ndi 1952, ndipo muyesowo uli ndi zilembo zitatu, T, N ndi M. T inena kukula kwa cotupa: cosapitirira masentimita 3 ndico T1, kufikira 5 ndico T2, kufikira 7 ndico T3, ndipo coposa pamenepo ndico T4, cotupa colowerera ziwalo zoyandikana naco cikwezedwanso ngakhale ciri cacing'ono. N inena za timfundo tonga nyemba timene tiri m'thupi monse, tomwe tija anthu ati mwanabere pamene tatupa m'khwapa. Timeneti tiriponso m'phapo ndi pakati pa cifuwa, ndipo khansa potuluka m'phapo ikonda kuyamba kugona m'menemo. M inena ngati nthenda yafika kutali, monga ku ubongo, ku mafupa, ku ciwindi, kapena ku phapo linzace. Pophatikiza zitatuzi madokotala aika wodwala pa gawo I, II, III kapena IV. Iwo ati siteji. Muyesowu ukonzedwa mwatsopano nthawi ndi nthawi, ndipo kukonza kwa nambala 9 kunayamba kugwira nchito caka ca 2025.

Tifanizire ndi ciswe m'nyumba. Mwini nyumba akaona mzati umodzi wadyedwa, sathamangira nkhwangwa, koma ayamba kugogoda mitanda ndi phaso. Ciswe cikakhala pa mzati wokhawo, auzula naika wina, ndipo nyumba yapulumuka. Koma cikakhala citakwera kale kutsindwi, kuzula mzati ndiko kutaya mphamvu cabe. Pafunika nzeru yina. Momwemo pa gawo I ndi II madokotala acotsa cigawo ca phapo, kapena aocha cotupa ndi ceza ngati munthu sangapirire mpeni. Pa gawo III, pamene timfundo ta pakati pa cifuwa tagwidwa, aphatikiza mankhwala olowa m'mitsempha ndi ceza, ndipo nthawi zina mpeni womwe. Pa gawo IV apatsa mankhwala oyenda thupi lonse, ndi ocepetsa zowawa. Taonani tsono kuti gawo likalakwika, mankhwala omwe alakwika.

Funso lacinai: Kodi thupi la wodwala lingapirire ciani? Limeneli tilinena bwino pa mutu V.

III. TIMFUNDO TA PAKATI PA CIFUWA

Pano ndipo pagona mtima wa phunziro lathu. Munthu amene nthenda yace siinafike kutali, mlandu wace uweruzidwa pa timfundo ta pakati pa cifuwa. Cithunzi ca CT ciyesa kukula kwace kokha, ndipo kamfundo kopitirira sentimita imodzi akakayikira. Koma kamfundo kangatupe cifukwa ca cifuwa cacikuru kapena pfumbi la ku migodi, ndipo kena kakang'ono kangabise khansa. Ciripo cithunzi cina cochedwa PET: wodwala abayidwa madzi a shuga wokhala ndi ceza pang'ono, ndipo popeza maselo a khansa ali osusuka pa shuga, pamene iwo ali paoneka powala. Koma cifuwa cacikuru ciwalanso cimodzimodzi. Cifukwa cace malangizo ati zithunzi zikakayikitsa timfundo, dokotala asaweruze ndi maso okha, koma atengemo kanyama.

Njira zace ziri ziwiri. Yakale inayambidwa ndi Eric Carlens wa ku Sweden caka ca 1959: agoneka munthu tulo, naceka pang'ono m'munsi mwa khosi, nalowetsa kacitsulo koonera. Yatsopano, yochedwa EBUS, ilibe kuceka: kapaipi kalowa pakamwa nikatsikira m'njira ya mpweya; kunsonga kwace kuli kacipangizo koona kupyola mnofu, monga makina aja aunikira amai apakati, ndipo singano ilasa kamfundo dokotala alikuona. Ambiri abwerera kwao tsiku lomwelo. Malangizo a madokotala a cifuwa a ku America a caka ca 2013 anati njira ya singanoyi itsogole.

Ndipo lamulo lina lanzeru ndi ili: poyamba tengani kanyama pa malo amene, mukapezamo khansa, mwadziwa mtundu wace ndi gawo lace pamodzi. Dokotala wolasa cotupa ca m'phapo ayankha funso limodzi, ndipo timfundo tatsala. Wolasa kamfundo ka pakati pa cifuwa, akapezamo nthenda, wayankha mafunso onse atatu ndi singano imodzi.

Kulakwa gawo kuli ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ziwawa. Akaliyesa lacing'ono pamene liri lalikuru, nkhalamba ing'ambidwa cifuwa, nigona m'cipatala ndi bala lalikuru, nitaya cigawo ca phapo, koma nthenda iri citsalire. Akaliyesa lalikuru pamene liri lacing'ono, munthu amene akadacira auzidwa kuti palibe cocita, napita kukafera kumudzi cifukwa ca kamfundo kamene kanatupa ndi pfumbi cabe. Caka ca 2002 madokotala a ku Netherlands anasindikiza zimene anapeza mwa odwala 188 oyembekeza opareshoni: mwa osajambulidwa PET, 41 mwa 100 anang'ambidwa kwacabe, koma mwa ojambulidwa, 21 okha mwa 100. Ndipo asanene munthu kuti kuyesa bwino kucedwetsa mankhwala. Pakuti ku Britain, caka ca 2015, anaonetsa kuti oyamba ndi EBUS anadziwa mankhwala ao m'masiku ngati 14, pamene anzao anayembekeza masiku ngati 29. Kuthamanga si kufika.

IV. CIMENE CINAPEZEKA MWA OKALAMBA A KU AMERICA

Kodi malangizo okoma otere atsatidwa? Ku America ndiko kosabvuta kuwerenga zimenezi, pakuti kuyambira caka ca 1966 boma lilipirira cipatala anthu a zaka 65 ndi kuposapo mwa thumba lochedwa Medicare, ndipo kuyesa kuli konse kulembedwa polipira. Aliponso kaundula wa odwala khansa wochedwa SEER, amene anayamba caka ca 1973. Polinganiza mabuku awiriwa munthu aona mapazi onse amene wodwala anaponda.

Dokotala David Ost wa ku Houston, m'dera la Texas, pamodzi ndi anzace, anacita cotero, nasindikiza zopeza zao caka ca 2014. Anatsata okalamba 15,316 amene khansa yao inali itatuluka m'phapo koma yosafika kutali, ndiwo amene anayenera kuyamba ndi timfundo. Mwa 100 ali onse, 21 okha ndiwo anayesedwa monga mwa malangizo. Mwa odwala mtundu waukuru uja, 44 mwa 100 sanatengedwe kanyama ka m'timfundo ndi kamodzi komwe. Ambiri anayamba ndi kulasidwa singano pakati pa nthiti kulowa m'phapo, popeza cotupa cioneka bwino pa cithunzi ndipo cikopa maso. Koma singano yoboola phapo itulutsa mpweya nthawi zina, ndipo phapo liphwa. Bvuto limeneli linagwera pafupi 5 mwa 100 a iwo oyesedwa monga mwa malangizo, koma oposa 25 mwa 100 a iwo amene timfundo tao tinayesedwa pambuyo. Otsata malangizo analasidwa kocepa, nataya magazi kocepa.

Odwala amenewo anali a zaka zofika 2007, EBUS isanafale, ndipo kuyambira pamenepo zipangizo zacuruka. Koma phunziro lace likhalabe. Dziko limenelo linali ndi makina, ndi ndalama, ndi malangizo olembedwa bwino. Cimene cinasowa ndico kutsata. Ndiponso taona kuti njira yodumpha, imene ioneka ngati kucitira nkhalamba cifundo, ndiyo inabvulaza ambiri.

V. KUYESA MPHAMVU, KOSATI ZAKA

Nanga cifukwa ninji okalamba adumphidwa? Zifukwa zina ziri zomveka. Nkhalamba ikhala ndi nthenda zina, za mtima, za shuga, za mapapo ofooka ndi fodya, ndipo dokotala aopa kuionjezera katundu. Katswiri wa singano sapezeka pa cipatala ciri conse. Ndiponso kale poyesa mankhwala atsopano anali kusankha odwala ocepa zaka, kotero kuti za okalamba sizinadziwike bwino. Koma cifukwa cina ciri cosamveka, ndico kuwerenga zaka zokha. Dokotala aona pa pepala kuti munthu ali ndi zaka 78, naleka pomwepo; kapena acibale ati, Agogo akalamba, tiwabvutiranji?

Taganizani za amuna awiri obadwa caka cimodzi. Wina alima yekha munda wace, napalasa njinga kunka kumsika. Wina sadzuka pamphasa popanda womgwira. Kodi tiwapatse ciweruzo cimodzi popeza ali a thanga limodzi? Iai. Malangizo ati dokotala ayese mphamvu ya munthu yekhayo. Ulipo muyeso woyambira 0 kufikira 4: pa 0 munthu agwira nchito zace zonse, pa 1 alephera zolemetsa zokha, pa 2 adzisamala yekha koma sagwira nchito, pa 3 agona kapena kukhala pansi koposa theka la usana, pa 4 sadzuka konse. Ofuna opareshoni auzira mpweya m'makina oyesa mapapo, ayesedwa mtima, ndipo ena akwezedwa makwerero kuti aoneke kupirira kwao. Caka ca 2018 bungwe la madokotala a khansa a ku America linalangizanso kuti wa zaka 65 ndi kuposapo, asanayambe mankhwala a m'mitsempha, afunsidwe ngati amagwa poyenda, ngati aiwalaiwala, ngati alikudya bwino, mankhwala ena amene alikumwa, ndi amene amsamala kunyumba. Ndipo mlandu wa wodwala ali yense ukambidwe pa bwalo la akatswiri, wa mapapo, wa mpeni, wa ceza, wa zithunzi, ndi woona tinyama. Pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tisaganize kuti malangizo akakamiza singano pa munthu ali yense. Wofooka kwambiri, amene sangapirire mankhwala ali onse, asabvutidwe ndi kuyesa kopanda pace; ndipo womva zonse bwino, nakana yekha, mau ace alemekezedwe. Otere apatsidwe mankhwala oletsa zowawa, monga morphine, ndi othandiza kupuma, ndi cisamaliro kufikira cimariziro. Kumeneku si kuswa malangizo, koma kuwatsata. Kusiyana kuli apa: wina alekedwa atayesedwa mphamvu ndi kufunsidwa, wina alekedwa popeza imvi zaoneka.

VI. GAWO LATHU

Makina a PET ndi EBUS ali osowa m'maiko athu, koma mafunso anai aja safuna makina kuti afunsidwe. Nthawi zina zala za dokotala zipeza kamfundo kolimba pamwamba pa pfupa lopingasa m'munsi mwa khosi, kapena cithunzi cionetsa madzi m'cifuwa. Pamenepo singano yaing'ono itenga kanyama kapena madziwo mosabvuta, ndipo mtundu ndi gawo zingadziwike pamodzi, monga lamulo lija linena. Tinyama totere tiyesedwa pa zipatala zazikuru. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe nyumba yoyesera inatsegulidwa caka ca 2011.

Potero, abale, gawo lathu ndi ili. Wokalamba akatsokomola kupitirira masabata awiri, timperekeze ku cipatala, tisati ndi cifuwa ca ukalamba. Auze dokotala zoona za fodya ndi za ku migodi, osabisa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tinyamule buku lace la kucipatala ndi zithunzi zakale, pakuti cithunzi cakale cionetsa ngati mthunzi ulikukula. Akamwa mankhwala a cifuwa cacikuru koma nanka naonda, tibwerere msanga, osayembekeza kuti mapiritsi athe. Akatengedwa kanyama, tipite kukamva zotsatira pa tsiku lace. Tifunse mwaulemu mafunso anai aja, ndi lina ili: Ngati simumyesa, ncifukwa ca mphamvu yace kapena ca zaka zace? Dokotala wabwino sakwiya nalo funso lotere. Wosuta aleke fodya ngakhale nthenda yapezeka kale, pakuti woleka apirira bwino mankhwala. Ndipo koposa zonse tisayankhire nkhalamba pamene iri ndi nzeru zace ndi pakamwa pace. Amene anatilera, natiphunzitsa kugwira khasu, ayenera kuuzidwa zoona za thupi lao, ndi kusankha okha njira imene adzayendamo.

MAFUNSO A PHUNZIRO

1. Chulani mafunso anai amene ayenera kuyankhidwa mankhwala asanasankhidwe.
2. Cifukwa ninji cithunzi cokha sicikwanira kuweruza kuti munthu ali ndi khansa?
3. Zilembo T, N ndi M zinena ciani?
4. Cigwera munthu nciani gawo likayesedwa lacing'ono koposa? Nanga likayesedwa lalikuru koposa?
5. Mwa okalamba 100 a ku America aja, ndi angati anayesedwa monga mwa malangizo, ndipo enawo anaona bvuto lanji?
6. Ndi liti pamene kuli koyenera kuleka kuyesa nkhalamba, ndipo asankhe ndani?